Tsiku Limene Fanuel Anatendera Maatichoki a Dona

Fanuel Likongwe anali kuki, ndipo amene analawapo buledi wake ku Kitwe amati m'mayadi onse a azungu munalibe wina wofanana naye. Manja ake anali ofatsa, osataya kanthu, osaswa mbale. Koma mtima sunali wofatsa ayi. Akayamba kulankhula za mmene munthu wakuda ankakhalira m'tauni ya migodi, mitsempha ya m'khosi inkaima ngati zingwe, ndipo anzake ankayamba kucheukacheuka kuopa kuti wina akumva.

Kwawo kunali ku Domasi, m'dziko la Nyasalande. Anaphunzira pasukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, ndipo ankalakalaka ukalaliki, kukhala pampando cholembera chili kukhutu. Koma ntchito yoyamba imene anaipeza inali yokwecha mapoto kwa mzungu wa munda wa tiyi ku Thyolo, ndiye khitchini ikakugwira mwendo sitaya msanga. Mu 1929 mbiri inafika yoti ku Rhodesia wa kumpoto akukumba mkuwa ndipo ntchito ili mbwee. Fanuel anamanga kamtolo kake n'kuuyamba wapansi.

Pa Fort Jameson anaphatikana ndi gulu la amuna opita komweko. Mmodzi wa iwo anali Pius Daka, Mkatolika wa kumudzi kufupi ndi Katete, chimunthu chachitali, cha chifuwa ngati ng'oma, chosachedwa kuseka. Atatsikira m'chigwa cha Luangwa, Fanuel anagwidwa malungo oti sankatha ngakhale kudzutsa mutu. Ena onse anapitirira, amvekere mgodi sudikira munthu. Pius anatsala. Masiku anayi anamuphikira phala m'kachitini, ndipo tsiku lachisanu anasenza mitolo yonse iwiri, Fanuel akudzandira pambuyo atagwira nsonga ya ndodo. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Wina anali wa kolona, mnzake wa Chipulesibitiriya, ndipo pa za tchalitchi ankakangana mpaka malovu kuuma, koma munthu wachitatu asayerekeze kulowererapo.

Atafika ku Ndola, dokotala wa olemba anthu ntchito anawayeza zifuwa ndi tepi. Pius anamutenga pomwepo. Fanuel, amene anali atangotsala mafupa okhaokha, anamukankhira kumbali ngati mbuzi yowonda pamsika. Choncho wina analowa pansi pa nthaka kukagwira makina obowola miyala, wina anabwerera ku mapoto.

Fanuel anagwira m'nyumba zitatu, ndipo m'nyumba yachiwiri ndi mmene mtima wake unaumira. Mu 1934 anaitanitsa mkazi wake Lily, amene anamukwatira atakacheza kwawo zaka ziwiri m'mbuyomo, ndi kamwana kawo kuchokera ku Domasi. Anangokhala milungu isanu m'kabini, kanyumba ka antchito kuseri kwa yadi. Mwini nyumba anati mwanayo amalira, ndipo kulirako kukusokoneza tulo ta masana ta dona. Lily anakwera sitima mwana ali kumbuyo. Anadikira zaka zitatu kumudzi, kenaka anakwatiwa ndi mphunzitsi. Fanuel sanamuimbe mlandu Lily. Ankamudziwa bwino amene anamupasulira banja.

Nyumba yachitatu inali ku Kitwe, ya mzungu wina wa m'maofesi a mgodi. Bwanayo analibe mawu ambiri. Mwini mphamvu anali dona, amene antchito ankamutcha Namakiyi chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake. Shuga, batala, tiyi, ngakhale machesi, zonse zinali zokhomera, ndipo m'mawa uliwonse ankayeza ndi supuni zoti Fanuel aphikire tsikulo. Zaka zisanu ndi zitatu anamuphikira mayi ameneyo, imvi n'kuyamba kumera, koma dzina linali lomwelo: Boyi. Ankamulankhula m'chilapalapa, chilankhulo cholamulira cha kumigodi, ngakhale ankadziwa kuti Fanuel amawerenga yekha buku la maphikidwe la Chingerezi.

Donayu anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda kuposa anthu, maatichoki ake. Atichoki ndi ndiwo ya kwa azungu, mbewu ya masamba aatali otuwa, yobereka mutu waukulu ngati chibakera, wokutidwa ndi mamba ngati a ngaka, lililonse ndi kaminga kunsonga. Chodyedwa ndi kamtima kofewa ka m'kati. Mphukira zake anaitanitsa ku Cape pa sitima zitakulungidwa m'thumba lonyowa. Wozisamala anali Ackson Mulenga, wa m'dimba, Mubemba wachikulire wa ku Kasama, amene chilimwe chonse ankasenza madebe a madzi mpaka mapewa kuchita zipsera. Chaka choyamba sizinabereke, ndipo mlandu unali wa Ackson. Chaka chachiwiri, mu Seputembala wa 1946, zinatulutsa mitu isanu ndi umodzi. Dona ankaizonda m'mawa uliwonse ngati odwala, ndipo analengeza kuti Lachitatu likubweralo aitana mkazi wa bwana wamkulu, adzaone kuti iye amadya za ku Cape pakati pa tchire.

Lachisanu, cha m'ma folo koloko, Fanuel anamva munthu akutsokomola kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Anachizindikira chifuwacho. Koma Pius sankabwera m'kati mwa sabata.

"A Daka, mwathawa ntchito kodi?" anafunsa Fanuel akupukuta manja pa epuloni.

Pius anamwetulira. Munthuyo anali atatha. Chifuwa cha ng'oma chija chinali chitaphwa, kolala ya shati ikungolendewera. Anatulutsa pepala m'thumba.

"Ntchito ndi imene yandithawa, achimwene. Anatiunika pagalasi sabata latha. Akuti m'mapapomu mwadzaza fumbi la miyala, ndipo silituluka. Werengani nokha, inu a sukulu."

Fanuel anawerenga. Ntchito yatha. Nyumba ya kukomboni aibweze pasanathe sabata. Tikiti ya sitima ya Lachinayi mpaka Lusaka, kenaka lole ya ku Fort Jameson. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana Pius.

"Zaka seventini pansi pa nthaka, ndiye sabata imodzi yotulukira m'nyumba? Ngakhale galu wokalamba samupirikitsa chonchi!"

"Tsitsani mawu, Namakiyi angamve."

"Amve!"

"Mulungu ndiye adziwa, achimwene."

"Musamuikemo Mulungu, a Daka. Pepala ili sanasayine ndi Mulungu."

Pius anangoyang'ana pansi akupuma movutikira. Fanuel anapinda pepala lija n'kumubwezera.

"Lamulungu mubwere ndi alamu. Thu koloko. Azunguwa akupita kukacheza ku Kafue tsiku lonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira anthu osadziwa ndi dzina langa lomwe, inu kwa ine mwangomwapo tiyi basi. Simuchoka m'tauni muno musanadye nyama yophika ine."

Loweruka m'mawa anapita kubutchala. Anali ndi maulendo awiri pa sitolo imodzi. Woyamba unali wa dona: anapereka kalata pakhomo la kuseri, ndipo anamupatsa nyama ya msana yofiira bwino, yokulunga m'pepala loyera. Wachiwiri unali wake. Anazungulira kumbali, kumene kunali kawindo kakang'ono pakhoma kogulirapo anthu akuda, poti m'sitolo sankaloledwa kupondamo. Anaima pamzere padzuwa ola lathunthu, nyama ya dona ili m'basiketi atafunditsa kansalu. Nthawi yake itakwana anaika ndalama zake, wani ndi sikisi, pawindo n'kunena kuti akufuna nthiti zabwino. Panatuluka dzanja ndi phukusi la nyuzipepala lomangamanga kale. Pawindo paja munthu sankasankha.

Sanadikire kukafika kunyumba. Anamasula pomwepo, ndipo fungo linamumenya m'mphuno. Inali mitsempha, mafuta achikasu ndi tizidutswa tobiriwira m'mbali.

"Iyi ndi yowola!" anatero akugogoda pawindo. "Ine ndine kuki, nyama ndimaidziwa. Ndisinthireni!"

"Choka! Wina abwere!" anakuwa wogulitsa m'katimo.

"Mungadye inuyo imeneyi? Mungapatse mwana wanu?"

Kawindo kanatsekedwa kuti pha! Anthu a pamzere anayamba kumuwowoza m'Chibemba, akuti wawatseketsera windo, nanga ana awo adya chiyani lero. Chimenechi ndi chimene chinamupweteka koposa, kuti mkwiyo wawo unagwera iye osati khomalo. Phukusi lija analiponya m'ngalande. Anayenda njira yonse akudzilankhulira yekha, ndipo madzulo ake nyama ya dona anaiwotcha bwinobwino monga mwa masiku onse, mano ali gwa.

Lamulungu azungu ananyamuka naini koloko. Ackson naye anali atapita kukaona abale ake kulokesheni. Fanuel anayala pabokosi zonse zimene anali nazo: mbatata zinayi, anyezi mmodzi, matimati awiri, kapu ya mtedza, kadzanja ka chisense, tinsomba touma tija, ndi mafuta amene ankakokota m'thireyi yowotchera nyama. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene anamusenzera mtolo m'chigwa cha Luangwa atsanzikane naye ndi chisense, chomwecho chimene amadya tsiku lililonse kukomboni? Anatuluka kuti akathyole ndimu pamtengo wa kuseri kwa khitchini, ndipo pobwerera anangopezeka waima pamaso pa maatichoki.

Sanachite mozemba ayi. Anabwerera m'kabini, anatenga mpeni wake, anaunola pamwala mosafulumira, n'kupita kukadula mitu yonse isanu ndi umodzi pamodzi ndi mapesi ake, masanasana, pooneka ndi aliyense wodutsa mumsewu.

Maatichoki anali ataphikapo kawiri kokha, m'nyumba yoyamba ku Ndola. Azungu ankawawiritsa athunthu, n'kumathothola mamba limodzilimodzi, kuviika m'batala wosungunula n'kumakukuta ngati mbewa. Batala anali m'kabati yokhoma, ndipo ngakhale akanakhalapo, Fanuel sakanapatsa munthu wodwala ntchito yokukuta. Pius ankafunika ndiwo ya msuzi, yotsetsereka pakhosi. Ndiye anaganiza monga akanaganizira mkazi aliyense wa ku Domasi atapatsidwa masamba achilendo olimba: kutendera.

Anayatsa makala pambaula n'kukhala pansi ndi beseni. Mutu woyamba unamubaya chala chachikulu, anautukwana mpaka ku Cape kumene unachokera. Anathothola mamba, anadula nsonga, anakokota ndi supuni ubweya wa m'kati, umene ungatsamwitse ngakhale munthu wa chifuwa chabwino, nanji Pius. Akulimbana ndi wachiwiri, anaona kuti kamtima koyamba kada bii ngati chitsulo cha dzimbiri. Anathamanga kukathyola mandimu ena atatu, anafinyira m'madzi, n'kumaponya momwemo chilichonse chimene wasenda. Atamaliza, mamba anali mulu, koma chodyedwa sichinadzaze ngakhale mbale yaing'ono. Anaseka yekha, kuseka kowawa.

"Chakudya chenicheni cha azungu," anatero. "Munthu asenze madzi zaka ziwiri kuti wina alume kawiri."

Sanataye mtima. Mapesi anawasenda ngati nzimbe, anapeza kuti m'kati ndi ofewa, n'kuwaduladula. Mamba a m'kati, otumbuluka aja, anawawiritsa, anapala ndi mpeni kamnofu ka kutsinde kwa lililonse, ndipo madzi ake anasefa kuti akhale msuzi. Mtedza anaukazinga pang'ono, anaupukusa, n'kuupera ndi botolo pathabwa mpaka nsinjiro zinatuluka mafuta. Chisense anachikazinga mpaka gwa, n'kuchiperanso kukhala ufa, kuti chimveke kukoma popanda kuoneka. Kenaka anyezi m'mafuta, matimati, mitima ija yodula panayi, mapesi, msuzi, n'kuvundikira. Zitafewa anathira nsinjiro ndi ufa wa chisense, akutakasa kuti zisapserere. Analawa. Kunali kakuwawa kumapeto kwa lilime. Anawonjeza mchere ndi madontho a ndimu, anadikira pang'ono, n'kulawanso.

Anaima duu supuni ili m'manja. Aka kanali koyamba m'moyo wake kulawa chinthu chimenechi, ndipo chinali chokoma. Kukomako kunamukwiyitsanso.

Alendo anafika thu koloko itapitirira, chifukwa Pius ankaimaima m'njira. Mkazi wake Edna, mayi wamfupi wa mawu ochepa, anali atamugwira pachigongono. Fanuel anakhazika Pius pampando umodzi umene anali nawo, pamthunzi wa kabini, ndipo Edna anakhala pamkeka. Anawagawira mbatata yowiritsa n'kuthira ndiwo ija pambali.

Edna anatembenuza kachidutswa ndi chala. "Alamu, ichi n'chiyani? Bowa si bowa, chinangwa si chinangwa."

"Idyani, alamu. Dzina libwera pambuyo."

Pius anachita chizindikiro cha mtanda n'kuyamba kudya. Ankadya pang'onopang'ono, akupumira pakati, koma sanasiye. Atamwa madzi anayang'ana m'kapu modabwa.

"Mwathira shuga m'madzimu?"

"Shuga ali m'chiuno mwa Namakiyi. Ndi ndiwoyo ikunamiza lilime."

Pius anaseteka mbale ndi chala. Edna anayang'ana mbale yoyera mbee ija, n'kunena motsitsa mawu kuti chiyambire Julaye bamboyu sanamalizepo chakudya. Fanuel anamva mtima wake ukutsika, ndipo mwina tsikulo likanatha bwino, Pius akanapanda kupisa m'thumba.

Anatulutsa kampango komanga mfundo, anamasula mosamala, n'kuonetsa kamendulo ka mkuwa, kaching'ono ngati chivundikiro cha botolo.

"Andipatsa aka, achimwene, ka utumiki wautali. Ndi bulangete lomwe. Bwana wa komboni anandigwira chanza, anati ndinali munthu wabwino, wosavuta."

Fanuel anaimirira mbale n'kugwa pansi.

"Iwe Pius!" Ulemu wa zaka zonse unathera pomwepo. "Mapapo ako awiri asinthanitsa ndi kachitsulo aka, ndiye wakamanga m'mpango ngati chopatulika? Mkuwa wake unakumba ndiwe wemwe! Wosavuta! Inde wosavuta, n'chifukwa chake akutaya ngati chikhutu cha nzimbe. Unalowa m'dzenje muja uli chimphona, lero sungathe kuwoloka msewu osakhala pansi, ndiye ukuti zikomo bwana? Tukwana! Tukwana kamodzi kokha ndikumve!"

Anatsomphola kamendulo kaja n'kukweza dzanja kuti akaponye kuseri kwa mpanda.

"Bwezani."

Anali Edna. Anali ataimirira, ndipo mawu ake sanali okwera.

"Bwezani, alamu. Mawu muli nawo ambiri, koma mumakalipira odwala. Amene ndimachapa nsanza za magazi ndine. Amene ndikukagwira khasu ndekha kumudzi kumene ndinachokako ndili mtsikana ndine, ndi ana anayi obadwira m'tauni, osadziwa ndi mzere womwe. Mukuyesa ine sindikwiya? Ndikayamba ine, yadi ino ipsa. Ngati muli ndi ukali, nyumba si iyo apo, yopaka laimuyo? Kakalipireni mmenemo."

Pius anali atagwira bondo, akudikira kuti chifuwa chimulole. Kenaka anadzutsa mutu.

"Achimwene, kukwiya kumafuna mpweya. Wanga wotsalawu ndikusungira ulendo."

Fanuel anatsitsa dzanja. Anagwada, anaika kamendulo pampango, n'kumanga yekha mfundo. Manyazi anamugwira, ndipo anawauza chimene anadya ndi kumene chinachokera.

Edna anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mwatidyetsa mlandu!"

Koma Pius anayamba kuseka, kuseka kwake kwakale kuja, mpaka kunasanduka chifuwa, misozi ili mbwe. Atapezanso mpweya anatambasula mbale.

"Ndiye kuti za mkazi wa bwana wamkulu zili m'mimba mwa Pius Daka? Kokotani m'potomo, achimwene. Mlandu ukhale wathunthu."

Ananyamuka faifi koloko. Fanuel anawaperekeza mpaka pamphambano, ndipo Pius anapuma katatu asanafike. Posiyana Fanuel analonjeza kuti Lachinayi adzapempha maola awiri, adzawanyamulire katundu kusiteshoni.

Lolemba m'mawa, Fanuel akukazinga mazira, kunamveka mfuu kudimba. Anasuzumira pawindo. Dona anali ataima pakati pa zitsa zodulidwa, ndipo Ackson anali atagwada pafumbi, chipewa chili m'manja.

"Awe mukwai, nshishibe," ankangobwereza mkuluyo m'Chibemba, kuti sakudziwa kanthu. Dona ankakuwa kuti wagulitsa kwa Mgiriki wa sitolo, kuti wakhala akuba kuyambira kale, kuti waimbira kale apolisi.

Apa m'pamene Fanuel anazindikira kuti dzulo lonse sanaganizeko za Ackson ngakhale kamodzi. Nkhuyu anadya ndi iye, koma zinali kupota mkulu wosalakwa. Anachotsa chiwaya pamoto kuti mazira asapserere, anavula epuloni, anaipinda, n'kutuluka.

"Dzukani, ba Mulenga," anatero. Kenaka anatembenukira kwa dona, ndipo analankhula m'Chingerezi, osati m'chilapalapa. "Musiyeni bamboyu. Ndadula ndine. Ndaphika, ndadyetsa mnzanga amene mgodi wamutafuna n'kumulavula."

Dona anamuloza ndi chala. "Iwe boyi, wayerekeza..."

"Dzina langa ndi Fanuel Likongwe. Ndili ndi zaka fote-thu. Madzi anasenza ndi bambo amene mwawagwaditsawa. Manyowa ndi makoko a m'khitchini mwanga. Inu munathirapo chiyani, maso? Mnzanga wapumira fumbi zaka seventini kuti inu mukhale m'nyumba iyi, ndipo amupatsa sabata imodzi kuti akafere kwawo. Anafunika kudya chinthu chabwino kamodzi, ndipo wadya. Zaka eyiti mwakhala mukundiyezera shuga ndi supuni ngati mbava, ine osatengapo ngakhale kambewu kamodzi. Lero ndiye ndatenga, kuti makiyi anuwo akhale ndi chifukwa."

Nkhope ya dona inafiira psuu. Bwana anatulukira pakhonde, sopo wometera ali kumasaya, anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Fanuel, n'kubwerera m'nyumba. Apolisi awiri anafika pa njinga. Mmodzi anali wa ku Nyasalande komwe, ndipo pomumanga unyolo ananong'ona, "Akulu, zoona mukalowe m'ndende chifukwa cha masamba?"

Mlandu unazengedwa Lachiwiri ndipo sunatenge nthawi. Woweruza anafunsa kudzera mwa womasulira ngati akumva chisoni ndi zimene anachita. Fanuel sanadikire womasulira. Anati chisoni chake n'chakuti mituyo inali isanu ndi umodzi yokha. Anamupatsa mwezi umodzi wa ntchito yakalavulagaga.

Lachinayi lija linamupeza ali m'ngalande mpaka m'chiuno, akukumba ndi piki kutali ndi njanji. Sitima sanaione, ndipo ngakhale kulira kwake sanakumve. Katundu wa Pius anasenza ndi Edna ndi ana.

Atatuluka anapita kukatenga bokosi lake, limene analipeza litaikidwa kunja kwa geti, n'kufunsa za Ackson. Wa m'dimba watsopano anamuuza kuti mkulu uja anachotsedwabe sabata lomwelo, akuti sanayang'anire bwino, ndipo anakwera lole ya ku Kasama. Sanaonanenso. Pa zonse za nthawi imeneyo, iyi yokha ndi imene Fanuel sankafuna kuikamba, ndipo wina akaitchula ankadzuka n'kuchokapo.

M'buku lake la ntchito dona analembamo mawu amodzi omuipitsa, moti panalibe nyumba ya mzungu imene ikanamulandiranso. Fanuel anati n'chimodzimodzi, naye analibe nazonso ntchito. Anasamukira ku Ndola, anagula ketulo yaikulu ndi makapu a chitsulo, n'kuyamba kugulitsa tiyi ndi mabanzi ophika yekha m'ng'anjo ya dothi, kufupi ndi pamene antchito a njanji ankadutsa. Amesinjala a tauni anamugubuduzira tebulo kawiri, akuti alibe chilolezo. Kawiri konse anatola makapu, anawatsuka, n'kuyalanso pamalo omwewo akuwatukwana m'zilankhulo zitatu. Mu 1949 anatopa naye n'kumupatsa chilolezo.

Kalata ya Edna inamupeza pomwepo, mu Malichi wa 1947. Analemba ndi katekisiti. Inati Pius anamwalira chimanga chikumasula ngayaye, kuti anafika kumudzi wamoyo ndipo anaona mayi ake, ndiponso kuti masiku omaliza sankatha kugona chagada. Fanuel anaiwerenga kawiri ataima. Kenaka anatenga ketulo yodzaza tiyi n'kukhuthulira pambaula, nthunzi ili tolotolo, n'kuuza amene ankadikira ndi makapu kuti lero kulibe, azipita. Wina atayamba kudandaula, anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo munthuyo anachoka. M'mawa mwake anatsegula sikisi koloko monga mwa nthawi zonse.

Patapita nthawi tebulo lija linasanduka kanyumba ka malata ka mabenchi atatu. Anakwatira Norah, mayi wamasiye wa ku Chinteche amene sankamuopa, ndipo analera naye ana ake awiri. Ukalamba unamupeza ku Twapia, komboni ya ku Ndola komweko, maso atachita khungu koma lilime likadali lakuthwa. Tsiku limene anamwalira, mpongozi wake Esme anamubweretsera phala pabedi. Anamwa supuni imodzi, anakankha mbale, n'kufunsa kuti ndani anamuphunzitsa kuthira ufa m'madzi owira osayamba wausungunula m'ozizira. Esme anatenga mbale ija akung'ung'udza kuti akaphike lina, ndipo pobwera nalo anapeza mkuluyo atatsamira khoma, atapita.